Mphindi Zinayi za M'mphepete mwa Chimbale

Mwamuna wanga atamwalira, abale ake ananditsekera m'nyumba pamodzi ndi kompyuta. Sanakhome chitseko ndi loko ayi, anali anthu opemphera. Anangondiveka zakuda n'kundiwerengera malamulo: kumsika ayi, moni wa m'manja ayi, kuthira mchere m'ndiwo ayi, kugona pabedi ayi, mpaka tsiku limene adzakhale pansi n'kundisudzula, kundimasula ku ukwati wa malemuyo kuti ndibwerere kwathu ku Kasenengwa. Nditafunsa kuti tsikulo ndi liti, anayankha ndi alamu aakulu, mkulu wake wa mwamuna wanga, amene ankagwira ntchito ku Lusaka ndipo ankakonda kuyankhula akupukuta magalasi.

"Mulamu, muyambe mwatipangira chimbale cha maliro. Chikatha tizabwera, tizaonerera tonse pamodzi, ndiye tizakamba zanu."

Anandipatsa pepala la zinthu zoyenera kuoneka m'chimbalemo, n'kukakwera basi. Kuti ndisakhale ndekha anandisiyira mlongo wawo wa ku Chipangali, mayi wa ana anayi, amene ndizimutchula kuti mlamu wamng'ono. Ati wondichezetsa. Tonse awiri tinkadziwa kuti ndi mlonda.

Chinali chaka chomaliza cha m'ma 1990, nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Tinkakhala ku Kapata, komboni ya m'tauni ya Chipata, m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mwamuna wanga anali mphunzitsi wa kusekondale, koma Loweruka ankanyamula chikamera chake paphewa n'kumajambula maukwati, maubatizo ndi maliro. Poyamba ankangokopera matepi. Kenako anagula kompyuta yakale kwa munthu wina wochokera ku Joni, yokhala ndi kadirowa kootchera zimbale, chifukwa abale a anthu okhala ku Lusaka ndi ku Migodi anali atayamba kugula timakina toonerera mafilimu a pachimbale, ndipo tepi ankaiona ngati chinthu cha kumudzi.

Ine ndinalowa m'ntchitoyi chifukwa cha alangizi. Pa khitchini pate, pamene amayi amalangiza mkwatibwi za m'banja, mwamuna saloledwa kuona, ngakhale kamera yake ikhale yokongola bwanji. Choncho ndinkajambula ndine, ndipo kudula ndi kukonza kunagweranso ine. Iye ankandiphunzitsa atafulatira, nkhope kukhoma, ngati mwana amene wapatsidwa chilango m'kalasi mwake momwe.

"Mwaona pamene pali sizasi? Dinani pamenepo. Mwadina? Nanga phokosolo n'la chiyani, avina chiyani kumeneko?"

"Yang'anani khoma lanu, aphunzitsi."

Patapita miyezi ingapo ndinamuposa, ndipo iye ankavomera zimenezi pamaso pa anthu, chinthu chimene abale ake sanachikonde.

Ntchito yake inali yotere. Tepi imayenda m'kamera, zithunzi zimadutsa m'chingwe kulowa m'chibokosi chotuwa chimene chinkakhala pansi pa tebulo, chimene mwamuna wanga ankachitcha injini. Pulogalamu ya m'menemo imaziyala pa sikirini mondondozana ngati zovala pachingwe, iwe n'kumadula zosafunika. Kunsi kwake kuli mzere wobiriwira umene umatalika ukamawonjezera zithunzi, ndipo ukapitirira mphindi 74 umasanduka wofiira, kutanthauza kuti chimbale chadzaza. Ukatha kudula umakonza tsamba loyamba, la tizithunzi ting'onoting'ono, pamene woonera amasankha chigawo chimene akufuna. Kenako makina amaphika zonsezo pafupifupi tsiku lathunthu. Pomaliza umaika chimbale chopanda kanthu m'kadirowa n'kuotcha. Chimbale chimalembedwa kamodzi kokha. Kuotchako kukadukira panjira ndiye kuti chatha ntchito, chimangoyenera kukakolekedwa pagalasi la minibasi.

Zimbale zopanda kanthu zinali zitatsala zitatu. Ku Chipata sizinkagulitsidwa, mwamuna wanga ankachita kuitanitsa ku Lusaka. Ndinapempha alamu aakulu kuti adzanditumizireko zina, iwo anati zitatu n'zambiri, maliro ndi amodzi. Sindinawatsutse. Mumtima ndinali nditazigawa kale: chimodzi cha maliro, chimodzi chodikirira ngozi, chimodzi changa.

Ndinkafuna changa chifukwa mu injinimo munali chinthu chimene palibe wina ankachidziwa. Milungu ingapo asanadwale, mwamuna wanga anagula maikolofoni yatsopano n'kuiyesa m'chipinda chomwecho, kamera ataiika patebulo. Zinatenga mphindi zinayi. Akuoneka atavala vesiti, akutafuna mtedza, akuti, "Wani, thu. Wani, thu. Adona, munimva kukhitchiniko?" Mawu anga akumveka chapatali akuti ndikumva koma nyemba zikupserera. Iye akuseka, akuyamba nyimbo ya kutchalitchi n'kuiphonya monga mwa masiku onse, akundiitana kuti ndibwere ndioneke. Ine ndikukana chifukwa chitenje changa chinali chong'ambika. Pomaliza dzanja langa lokha likulowa, likumupatsa kapu ya thobwa, iye akuligwira dzanjalo osafuna kulisiya. Basi.

Anazilowetsa m'kompyuta kuti amve mmene maikolofoniyo inkamvekera. Tepi yake inatsala m'kamera, ndipo mnzake amene anajambula maliro anangoibweza koyambirira n'kujambulapo pomwepo. Sitinakhale ndi mwana. Zithunzi zake zinali zochepa, chifukwa wojambula nthawi zonse amakhala kumbuyo kwa kamera. Mawu ake ndi kuseka kwake zinatsala mu injinimo mokha.

Injiniyo ndinkadziwa kuti sikhala nane. Tsiku losudzula ndi lomwenso katundu amagawidwa, ndipo mkazi wopanda mwana amatuluka ndi mapoto. Kuwonjezera apo, masiku amenewo pa wailesi, kutchalitchi ndi m'mabasi nkhani inali imodzi, yoti chaka chikadzatembenuka makompyuta onse adzasokonezeka mitu n'kufa. Lero mukhoza kuseka, koma ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphindi zinayi zija zikanakhala zanga pokhapokha zitalowa m'chimbale chimene ndikanachibisa m'chikwama cha zovala zamkati.

Chipinda cha kompyuta chinali chaching'ono kuposa china chija. Pazenera tinakhomapo chitenje chifukwa cha fumbi ndi dzuwa limene linkaphimba zithunzi. Malata ankatentha kuyambira m'mawa, diresi yakuda inkandimatirira kumsana, ndipo fani imodzi yomwe tinali nayo ndinkailozetsa ku injini, chifukwa ikatenthedwa inkazima yokha, pomwe ine ndinalibe mwayi wozima. Kuseri kwa chitenjecho ndinkamva Kapata akuyenda: mabelu a njinga za makala, amayi akuitanizana kupita kumsika, ana a sukulu akuweruka. Ndinkazindikira anzanga ndi mawu awo. Ena ankatsitsa mawu akafika pazenera langa, n'kuwakwezanso akadutsa. Mlamu wamng'ono ankakhala pakhomo la chipindacho, miyendo atatambasula, akuswa mtedza m'lichero, moti popita kuchimbudzi ndinkayenera kupempha njira.

Tepi ya maliro inali ya maola atatu. Ndinayenera kuifinya kuti ikwane mphindi 74. Palibe amene anaganizapo kuti kudula filimu ndi kuionera kambirimbiri. Ndinamuika m'manda mwamuna wanga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Ndikabweza kumbuyo kuti ndipeze podula, dothi linkadumpha kubwerera m'mafosholo, zingwe zinkamukweza, anthu ankayenda chambuyo kumubwezera kutchalitchi. Masiku oyamba ndinkatuluka kukasanza. Kenako ndinazolowera, ndipo kuzolowerako kunandiwawa kuposa kusanza.

Pepala la alamu aakulu linali lolembedwa bwino, la manambala. Misa. Mawu a oimira banja, omwe anali iwo eni, mphindi khumi ndi zisanu za mbiri ya momwe anamulipirira sukulu mng'ono wawo. Mawu a ahedi a pasukulu. Kuika nkhata, aliyense m'ndondomeko yake, osadumpha ngakhale mmodzi. Pansi penipeni panali mzere wina umene anaudula kunsi kawiri: "Mulamu poona nkhope."

Ndinamufunsa mlamu wamng'ono chifukwa chake pamenepo panafunika mizere iwiri. Anayamba wapeta mtedza wake kaye.

"Mulamu, nikuuzeni chilungamo. Kumudzi akamba kuti simunalire. Ati masiku awiri panyumba ya maliro maso anu anali gwa. Ati mkazi alibe mwana, aziwa makina kupambana mwamuna, mwamuna angodwala sabata imodzi, kaya. Ine ninawauza kuti yembekezani chimbale, muzaona mweka."

Zinali zoona. Masiku awiri oyamba misozi inakana. Ndinkangokhala pamphasa ngati munthu amene akudikira basi. Inabwera pakhomo la tchalitchi, atatsegula kuti tione nkhope. Ndinagwa, ndinagubuduzika m'fumbi, duku inachoka, ndinaitana dzina lake limene sindinalitchulepo pagulu, amayi anayi anachita kundinyamula. Wojambula uja sanachotse kamera pa ine kwa mphindi zinayi zathunthu. Ndinkadana nacho chigawo chimenecho, ndinkachidutsa nditatseka mawu. Koma tsopano ndinamva kuti ndiwo umboni wanga. Anthu amene sanabwere kudzamuona m'chipatala ankafuna kukhala pamipando n'kuyeza misozi yanga, kuti aone ngati ikukwana kundimasula. Ndinakwiya kwambiri, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinachisiya chigawocho momwe chinalili.

Ndinadula ulendo wa kumanda, ndinadula kwaya theka, ndinadula adzukulu akukumba, ndinadula anthu akudya. Patapita milungu iwiri mzere wobiriwira unaima pamalire penipeni. Makina anaphika tsiku lathunthu. M'mawa mwake ndinaika chimbale choyamba.

Chinali chitafika pakati pamene magetsi anathima. Kunja kunali dzuwa, kopanda ngakhale kamtambo. Anangothima monga ankachitira, n'kubweranso madzulo ngati palibe chachitika.

Zinatsala ziwiri. Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinayambe ndaotcha changa. Ndinaganiza zimenezo usana wonse. Koma ndikanatenga chimodzi, chotsalacho n'kufanso, chimbale cha maliro sichikanakhalapo, ndipo ndikanakhala m'zakuda mpaka alamu aakulu adzakumbukire kuti ku Chipata kuli munthu. Mantha anapambana. Ndinadziuza kuti tsoka silibwera kawiri pakhomo limodzi, ndipo ndinaikanso za maliro.

Tsiku limenelo ndi limene mvula yoyamba inabwera. Inayamba ndi mphepo, chitenje cha pazenera chinafufuma, kenako chiphaliwali ng'ani, bingu n'kugwedeza malata. Kwawo kwa mlamu wamng'ono, monganso kwathu, kukachita ziphaliwali umavundikira kalilole ndi chilichonse chonyezimira, chifukwa amati zimaitana mphenzi. Ndisanatsegule pakamwa iye anali atadumpha lichero lake, wazula chingwe kukhoma, wavundikira sikirini ndi chitenje chake. Anatembenuka akupuma mwamphamvu, nkhope ya munthu amene wapulumutsa nyumba.

Zimene ndinamuuza sindingazilembe zonse. Ndinamutcha mbuli. Ndinati anamutuma kuti andiphe pang'onopang'ono monga akuganizira kuti ndinaphera mlongo wake. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenako anakhala pansi pakhomo paja, mvula ikuwomba malata.

"Muganiza ine nili mfulu, mulamu? Mvula iyi anzanga mawa abzala. Munda wanga uli chabe. Ana anga ali kwa eni ake. Ine ananiuza kuti usachoke mpaka chimbale chisile. Manje nachiononga neka."

Analira, ndipo inenso ndinalira, aliyense za iye mwini. Kuyambira tsiku limenelo lichero ankaswera panja, khomo analisiya lotsegula.

Chinatsala chimodzi, ndipo chinayenera kukhala cha maliro. Kwa masiku atatu sindinayatse makina. Tsiku lachinayi ndinayatsa, ndinatenga mphindi zinayi za mwamuna wanga n'kuziika kumapeto, pambuyo pa nkhata yomaliza, kuti ndingoona. Mzere unafiira nthawi yomweyo.

Ndinayamba kufunafuna mphindi zinayi zoti ndichotse. Misa sindikanaidula, apongozi anga, mayi ake a malemuyo, ankaidziwa pamtima ndipo akanazindikira. Mawu a alamu aakulu, ngakhale kutsokomola kwawo kukanasowa akanafunsa. Ahedi anali atatiperekera galimoto. Nkhata ndiye zoopsa: ukadumpha azakhali amodzi, nkhani yake idzakambidwa mpaka pamaliro a zidzukulu. Ndinapita uku ndi uku pamzerewo tsiku lonse. Munthu aliyense m'filimumo anali ndi mwini wake womuyankhulira. Panali mmodzi yekha amene ndikanamudula popanda wina kunyozeka, ndipo anali kugubuduzika m'fumbi pakhomo la tchalitchi, duku itachoka.

Ndinadziwa bwino chimene ndikutaya. Popanda chigawo chimenecho, a kumudzi akanati taonani, ngakhale kamera sinapeze msozi. Akanatha kundisiya m'zakuda chaka chathunthu, akanatha kunditumiza kwathu ndi mbiri imene sichoka ndi sopo. Ndinachita mantha kwambiri. Koma ndinaganiza kuti misozi ndili nayo yambiri, ndikhoza kuwalirira tsiku lililonse akafuna, pomwe kuseka kuja kunalibe kwina kokakutenga. Ndinadina sizasi kawiri. Mzere unabiriwira mpaka pamalire.

Pa tsamba loyamba sindinaikepo kachithunzi ka chigawo cha mwamuna wanga. Panali Misa, Mawu, Kumanda, Nkhata. Iye akanaonekera kwa okhawo amene akanaonera mpaka kumapeto.

M'mawa wa tsiku lootcha kunja kunayera. Mlamu wamng'ono anaima pabwalo ndi kolona m'manja, maso kumwamba, akulondera mitambo. Ine ndinakhala pansi pa simenti kuti ndisagwedeze tebulo. Kadirowa katatseguka kokha sindinaimirire msanga. Ndinachitembenuza chimbalecho pa kuwala kwa pakhomo. Mwamuna wanga anandionetsapo kuti makina amayamba kulemba pakati, pafupi ndi kabowo, n'kumapita kunja, ndipo polembedwa pamaoneka modera pang'ono. Apa panadera mpaka m'mphepete.

Tinatumiza uthenga ku Lusaka, ndipo anabwera kutatsala sabata kuti Khirisimasi ifike. Alamu aakulu anabwera ndi kamakina kawo koonerera, apongozi anachokera ku Chipangali pamodzi ndi amalume ake a malemu ndi azakhali awiri. Anali masana. Amuna anakhala pamipando, ife amayi pamphasa, ine pakona pafupi ndi chitseko. Tsamba loyamba litaoneka pa TV anthu anang'ung'udza mokondwa, amalume anafunsa ngati zimenezi zapangidwadi m'nyumba muno. Alamu aakulu anadzionera okha akuyankhula, akugwedezera mutu mfundo zawo zomwe.

Tinafika pakhomo la tchalitchi. Apongozi anaoneka akuona nkhope, alamu anaoneka, azakhali anaoneka, kenako anthu anali atafika kale kumanda. Azakhali awiri aja anayang'anana. Mlamu wamng'ono ananditembenukira, kukamwa kuli yasa. Alamu aakulu anavula magalasi.

"Mulamu, nanga imwe muli kuti?"

"Malo anachepa, alamu."

"Ninalemba papepala."

"Munalemba."

 Nkhata zinaikidwa imodziimodzi m'chipinda chozizira ngati m'khoti. Ndinkamva maso a azakhali pakhosi panga. Nkhata yomaliza itaikidwa chithunzi chinada, amalume anayamba kufunafuna chipewa chawo.

"Wani, thu. Wani, thu. Adona, munimva kukhitchiniko?"

Mmodzi wa azakhali anakuwa n'kuthawira panja. Amalume anaimirira chipewa chili m'manja. Apo anali mwamuna wanga, m'vesiti yake yakale, akutafuna mtedza, wonenepa, wamoyo, akuphonya nyimbo. Apongozi anali mayi wamng'ono thupi, wosayankhulayankhula, amene chiyambire ukwati wanga sanandiuzepo mawu opitirira moni. Anayenda ndi mawondo kuchoka pamphasa mpaka pa TV, nkhope yawo pafupi ndi galasi. Dzanja langa litalowa ndi kapu, chithunzi chinathera pomwepo.

"Mulamu, izi si zimene tinapangana," anatero alamu aakulu. "Munthu tinamuika, imwe mumuutsa pakati pa anthu? Mwambo wa kuti umenewu?"

"Khala chete iwe," anatero apongozi osatembenuka. "Bweza."

Alamu sankadziwa kubweza pamalo pamene panalibe kachithunzi, choncho anandipatsa ine rimoti, moni wa m'manja woletsedwa uja tinatsala pang'ono kupatsana. Tinaonera katatu. Kachitatu azakhali othawa aja anali atabwerera, akusuzumira pazenera. Pamene ankaphonya nyimbo, apongozi anaseka pang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Mpongozi wanga, dzanja lija n'lanu?"

"N'langa, amayi."

"Sanafune kulisiya."

"Sanafune, amayi."

 Kenako apongozi anauza amalume kuti mawa m'mawa andimasule, ndakhala mokwanira. Za kulira sanazitchule, ndipo pamaso pawo palibe amene anazitchulanso, ngakhale ndinamva pambuyo pake kuti azakhali anakafika nazo kumudzi.

Ndiye apongozi anatambasula dzanja kwa alamu aakulu kuti awapatse chimbalecho. Alamu anati apite nacho ku Lusaka akakopetse zina, aliyense akhale ndi chake. Mtima wanga unadumpha, chifukwa mwina chimodzi chikanandipeza. Apongozi anakana.

"Chikapita ku Lusaka sichizabwera. Ana anga onse anapita choncho."

Anachikulunga mu mpango woyera wa kutchalitchi n'kuchilowetsa pachifuwa. Kwawo ku Chipangali kunalibe magetsi, kunalibe TV, kunalibe kamakina. Ndinafuna kukuwa kuti chimenecho n'changa, ndachigula ndi mbiri yanga. Koma mayi amene wangoona mwana wake akutafuna mtedza ungamulande bwanji? Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere umene anandiletsa uja.

M'mawa mwake anandimeta, ndinasamba, ndinavula zakuda, achemwali anga anabwera ndi chitenje chamaluwa. Katundu anamutulutsa pabwalo. Kamera inapita ku Lusaka. Bedi, mipando ndi TV zinapeza eni ake msanga. Sikirini ya kompyuta anaitenga amalume, ati akaiika mlongoti izigwira mpira. Itafika injini, alamu aakulu anati imeneyo ifa pa Nyuwere, palibe chifukwa cholipirira malo m'basi. Mlamu wamng'ono anali atazindikira dzulo lake kuti mlongo wake ankakhala mu injinimo. Anaikankha ndi phazi kuilozetsa ku mulu wanga wa mapoto.

"Ichi chimangolira na kutentha," anatero. "Mupaseni mulamu azikhalapo."

Injiniyo ndinapita nayo ku Kasenengwa, kumenenso kunalibe magetsi. Inakhala pansi pa bedi la amayi anga, itakulungidwa m'thumba la feteleza. Chaka chinatembenuka, makompyuta sanafe, anthu anaseka n'kuiwala. Patapita zaka zitatu, nditabwerera m'tauni n'kupeza munthu wokhala ndi sikirini, tinailumikiza. Inangolira kuti tha, tha, tha. Munthuyo anaitsegula, anandionetsa dzimbiri ndi zisa za nyerere, n'kupepesa. Mphindi zinayi zija sindinazionenso.

Koma tsiku losudzulidwa lija zimenezi ndinali ndisanazidziwe. Masana ake tinali tonse pamalo okwerera magalimoto, ine ndi achemwali anga tikudikira ya ku Kasenengwa, apongozi ndi mlamu wamng'ono akudikira ya ku Chipangali. Unali ulendo wanga woyamba kutuluka pakhomo patapita miyezi iwiri, ndipo kuwala kunkandipweteka m'maso. Mwa mwambo sindinalinso mpongozi wawo. Komabe apongozi anandikodola. Ndinapita n'kugwada pambali pawo, iwo anatulutsa mpango uja, anaumasula mosamala, chimbale chinanyezimira padzuwa.

"Niuzeni. Iye ali pati apa?"

Ndinachitembenuza. Ndinawaonetsa pafupi ndi kabowo kuti apa ndi Misa, apa pakati ndi mawu a alamu, apa ndi kumanda. Kenako ndinayendetsa chikhadabo m'mwamba mwa kamzere kopyapyala ka m'mphepete penipeni, osakhudza.

"Ali umu, amayi. Musamagwire m'mphepetemu, thukuta limaononga. Muzilowetsa chala pakabowo."

Anayesa. Chala chawo cha khasu sichinalowe, anasintha n'kulowetsa chaching'ono. Anachikweza chonchi, akuyang'anitsitsa m'mphepetemo maso atatsinzina pang'ono.

"Na dzanja lanu lili momwemo?"

"Lili momwemo."

"Nizasunga bwino."

Galimoto yawo inabwera yoyamba. Mlamu wamng'ono anawakweza kumbuyo pamatumba a mbewu, ndipo inanyamuka iwo asanamalize kumanga mpango, chimbale chikadali pachala chaching'ono.